Dzanja Lamanzere la Dingani

Ennie ankakoleza mbaula pakhomo, dzuwa litangolowa, pamene wailesi ya m'thaveni ya kuseri inayamba nyimbo yatsopano. Ng'oma zake zinkayenda mowongoka bwino, koma chakumapeto, kamodzi kokha, dzanja lamanzere linafika mochedwa. Ennie anasiya kukupiza moto. Dzanja limenelo analiika m'manda chaka chatha.

Mwamuna wake Dingani, atate ake a Tiza, ndiye ankaimba ng'oma mu situdiyo ya mkulu wake Moven ku komboni ya Mtendere. Zinali zaka zija makampani a boma atagulitsidwa, aliyense wa kompyuta ndi kachipinda n'kudzitcha bwana wa nyimbo. Dingani anathyoka chala cha dzanja lamanzere ali mwana, ndiye ng'oma yake inkatsimphina pang'ono, ndipo anthu ankavinira kutsimphina komweko. Atangonena kuti akuchoka kukayamba gulu lake, anadandaula mutu m'mawa, madzulo n'kutsirizika. Onyamula bokosi ananong'onezana kuti linali lopepuka ngati mulibe munthu.

Mphekesera zinalipo kale. Oyandikana ndi situdiyo ankamva fungo la dothi lonyowa pakati pa chilimwe. Ena anaona Moven akulowetsa mbale ya madeya m'chipinda chosungiramo katundu, n'kukhomanso loko. Fackson, woimba gitala, anasuzumira pa kabowo ka chitseko, ndipo anafa osalankhulanso. Mawu akuti ndondocha palibe ankawatchula, koma aliyense anali nawo kukamwa. Ennie ankati n'zam'maluwa. Tsopano mkwiyo unamugwira: ndiye kuti iye ankalira pa manda a thunthu la nthochi, mwamuna wake akugwira ukapolo kuseri kwa loko.

Mawa lake masana anapita ku situdiyo, amayi a pamsika akumutsata. Anapeza Moven ali pa kompyuta. Pagalasi kugunda kulikonse kwa ng'oma kunkaoneka ngati munga, ndipo panali mizere yoimirira ngati mpanda. Munga uliwonse wotsalira, Moven ankaukoka n'kuukhazika pa mzere. Ntchito yake yonse inali imeneyo, kubisa chala chothyoka.

"Ba Moven, ni ndani amenya ngoma izi?"

"Ni kompyuta chabe, mulamu."

"Kanshi na kompyuta inatyoka chala?"

Moven anaseka, koma thukuta linali kale pamphuno. Anati amuonetse kuti zonse n'zowongoka, n'kuliza nyimboyo. Amayi onse akuona, minga ija inayamba kutsetsereka yokha, umodziumodzi, kubwerera pamene inali. Ankati akakoka uwu, uwo wathawa. Anazimitsa kompyuta, mpaka kuzula nthambo pakhoma. Ng'oma sinaleke. Inkalira kuseri kwa chitseko chokhoma chija, ikutsimphina.

Amayi anathawira kubwalo, wina n'kusiya patapata. Ennie sanathawe. Anafika pachitseko n'kuikapo chikhatho. Chinali chozizira ngati mtsuko.

"Atate ake Tiza, ni ine. Lekani manje, mwasebenza pakulu, pumulani. Musiileni mwine wake nchito."

Ng'oma inati zii. Loko anagwa yekha. M'katimo munali ng'oma yofunda chikopa, mbale yonyambitidwa, ndi mapazi a dothi lofiira olunjika kukhomo.

Kenaka kugunda kunayambanso, koma kumbuyo kwake. Manja a Moven ankamenya tebulo, lamanja pa nthawi yake, lamanzere mochedwa. Anayesa kuwakhalira, anayesa kuwaluma, koma ayi ndithu. Chala chake chaching'ono chinamveka thyo! Analira kuti mlamu amukhululukire, magazi ndi amodzi. Ennie anamuyang'ana, osamva chisoni ngakhale pang'ono, n'kumukumbutsa kuti iye ndiye katswiri wowongola ng'oma, awongole yekha.

Moven anathawa ku Mtendere tsiku lomwelo. Akuti ali ku komboni ya Chaisa, amamenya migolo ndi malata a eni ake, zikhatho zili zilonda zokhazokha, ndipo sagona. Ennie atamva, anangofunsa ngati lamanzere likuchedwabe. Atamuuza kuti inde, anapitiriza kukupiza mbaula yake.