Makapusozi a Rozina

Tsiku limene Nedson anakana kumukweza pa njinga yamoto, Faines anali atavala kale kuti apite naye kumaliro ku Kasakula.

"Mundiphulitsira tayala," anatero Nedson osamuyang'ana n'komwe. Mayi ake, aNambewe, anaseka ali pakhonde mpaka kutsokomola. Faines anabwerera m'nyumba, n'kukhala pabedi, misozi ikugwera pachitenje.

Thupi linayamba kumubwerera atabereka Yankho, mwana wawo wachiwiri. Poyamba apongozi akewo ankanyadira pamudzi kuti mwana wawo amadziwa kusunga mkazi. Koma Nedson atayamba kugula soya pa Malomo n'kumacheza ndi anthu a maofesi, nyimbo inasintha. Faines akamadutsa, aNambewe ankasuntha mpando mokokomeza ngati pakudutsa ngolo.

Kenaka kunabwera Rozina, mchemwali wake wa Nedson, kuchokera ku Lilongwe, ali ndi kabotolo ka makapusozi.

"Alamu, awa si mankhwala wamba," anatero. "Muli tizilombo tamoyo, tabwino, tokhala m'matumbo, ngati ta m'chambiko. Anthu owonda ali nato tambiri. Inu tanu tinatha. Miyezi itatu yokha mubwerera utsikana."

"Ndimeze tizilombo?" anafunsa Faines.

"Mezani," anayankha aNambewe. "Mwana wanga sanakwatire nkhokwe."

Faines anameza. Atapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi kuchipatala, anaonetsa kabotoloko kwa namwino. Namwinoyo anati tizilombo totere tilipodi, koma akatswiri akufufuzabe ngati tingachepetsedi thupi. Ena timawathandiza pang'ono, ena ayi.

"Musayikepo mtima wonse," anatero. "Chepetsani shuga ndi mafuta, muziyendayenda. Koma musadzimane chakudya."

Mawu omalizawo anatsala kuchipatala komweko. Kunyumba aNambewe ankakhala moyang'anizana ndi mbale yake, ndipo akatambasula dzanja kachiwiri ankamva, "Tizilombo tija tikulimbana ndi zambiri." Faines anayamba kuchoka pamphasa asanakhute. Mwezi wachitatu, mnzake wina anamunong'oneza kudimba kuti Nedson ali ndi mkazi pa Malomo, womanga tsitsi, ndipo maulendo a soya ambiri amathera kumeneko. Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kumulowa chokha. Pofika nthawi yokolola, madiresi ankamulendewera, mafupa a m'khosi ali poyera.

Loweruka lina masana aNambewe anawaitana onse pabwalo. Rozina analipo.

"Kuchigayo anthu akundifunsa," anayamba motero aNambewe. "Akuti mtengwa wanu wawonda bwanji? Kuwonda kotere ife timakudziwa, taika anthu ambiri. Mukayezetse, mayi. Musandiphere mwana."

Faines anaima kaye ngati sanamve. "Si inu munandipatsa makapusozi?"

"Anga aja sawondetsa chonchi," anatero Rozina msangamsanga. "Makasitomala anga onse ali bwinobwino. Musandiipitsire dzina."

Faines anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Yankho, nenanipo kanthu. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pakhomo pano. Munandionapo ndi ndani?"

Nedson ankakanda dothi ndi kamtengo. "Amayi akungofuna chilungamo," anatero motsitsa mawu.

Faines analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi buku lake la kuchipatala. Anatsegula tsamba lake n'kuliika pamiyendo ya Rozina.

"Awerengereni amayi anu. Ndinakayezetsa sabata yatha, ndekha, popanda wondituma. Ndilibe. Amayi, mukudziwa chimene ndinapitira? Ndikudziwa komwe mwana wanu amagona akati ali kokagula soya. Tsopano abweretse lake."

Rozina anawerenga, n'kutseka bukulo mwakachetechete. Nedson anaimirira akudzikuntha fumbi.

"Ine ndilibe nthawi ya zimenezi."

"Tipite limodzi Lolemba," anatero Faines akulira. "Ndakupemphani pamaso pa mayi anu. Mukatero ndikhala."

"Ndati ndilibe nthawi."

Faines analowanso m'nyumba. Anamanga zovala zake ndi za ana m'zitenje ziwiri, n'kubereka Yankho, mwana wamkuluyo atamugwira padzanja. Potuluka anamenyetsa chitseko mpaka laimu wa pakhoma anayoyoka. ANambewe anamutsatira mpaka pampanda, mawu atafewa.

"Mayi, nkhani ya m'banja sathawa. Tiitane ankhoswe. Chimanga chikadali kumunda, akolola ndani?"

"Ankhoswe akandipeze kwa Dzoole, kwa amalume anga," anayankha Faines. "Ndinanenepa, munandiseka. Ndawonda, mwandiveka matenda. Thupi limene mukufunalo ine ndilibe, amayi."

Anatsika chitunda kulowera kumsewu wa minibasi, osacheuka. ANambewe anaima pampanda mpaka mutu wa mdzukulu wawo unabisika m'mapesi. Atabwerera pabwalo anapeza Nedson atakhala pansi, akutembenuzatembenuza foni m'manja. Anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope, khosi, mikono, monga ankamuyang'anira mtengwa wawo.

"Nedson," anatero, "iwe unayezetsa liti?"

Nedson sanadzutse mutu.