Dzanja Patsaya

"Mukutiitanira maliro, ba Mami. Chotsani dzanja patsaya, anthu akukuyang'anani."

Lonah ananena izi pamzere wa kuchipatala, uku akukankha dzanja la mayi ake. Mayiwo, ba Sibeso, anamvera. Pomwepo mutu wawo unapotokera kumanzere n'kuyamba kugwedezeka ngati munthu wokana mlandu.

Chinali chaka chachiwiri cha matendawa. Kukiliniki anangoti ndi manjenje. Mwezi ndi mwezi ankawapatsa mapiritsi omwewo, amene ankawagwetsa chizungulire osaletsa kanthu. Mumsika wa Maramba, kumene ankasoka mayunifomu, makasitomala anali atayamba kuwalambalala. Mwini shedi imene ankasokeramo anali atanena kale kuti Januwale wa 1997 akafika zinthu zili chonchi, makina osokera apatsa wina. Lonah, mtsikana wa giredi 9, anali atatopa: kuphika, kuperekeza, kujomba kusukulu, ndi kusekedwa kuti ndi mwana wa mayi wokana zonse. Choncho akaona dzanja lija patsaya, khalidwe la anamfedwa, mtima unkamuwira.

Tsikulo anakumana ndi dokotala wochokera ku Lusaka, Dr. Mukelabai, amene ankabwera kamodzi pa miyezi itatu. Iye sanathamangire kulemba. Anauza ba Sibeso kuti atambasule manja. Manjawo anali zii.

"Ulusi mumalowetsa bwanji pa singano?"

"Bwinobwino, ba dokota. Vuto ni mutu. Nikati niyang'ane pa nsalu, uthawa."

Dokotala anakhudza khosi, napeza mnofu wa mbali imodzi wauma ngati chingwe. Anawauza kuti ayang'ane kutsogolo. Mutu unagwedezeka kwambiri, modukizadukiza. Anawauza kuti ausiye upite kumene ukufuna. Unachita bata pang'ono.

"Pali chimene mumachita kuti uleke?"

Ba Sibeso anayang'ana mwana wawo kaye. Kenako, mwamanyazi, anaika zala ziwiri patsaya. Mutu unawongoka, nuima.

"Kukiliniki munawaonetsa izi?"

"Iyai. Pamaso pa anthu sinichita."

"Manjenje wamba amagwedeza mofanana, nthawi zambiri ndi manja omwe, ndipo saleka chifukwa cha chala," anatero dokotala. "Awa ndi matenda ena, dzina lake disitoniya. Minofu ya khosi ikukokana yokha. Mapiritsi aja tiwasiya pang'onopang'ono, tiyesa ena. Kuchira msanga sindikulonjeza. Koma zala zimenezi ndi thandizo lanu. Ena amapepukidwa ngakhale ndi mpango wokhudza tsaya, manja n'kumagwira ntchito."

"Zaka ziwiri," Lonah anatero. "Zaka ziwiri mapiritsi olakwika. Anthu akukiliniki aja satukula n'komwe maso pa kadi. Afunika kufunsidwa."

"Afunsidwa, ndiwalembera kalata," anatero dokotala. "Komanso chizindikiro chachikulu sanachione. Ba Sibeso, thupi lanu linapeza lokha njira. Anakuletsani ndani?"

Lonah anakumbukira kutchalitchi, m'minibasi, pamaso pa anzake akusukulu, ndi pamzere paja m'mawa womwewo: monsemo anali iyeyo wowachotsa dzanja patsaya. Anayembekeza kuti mayi ake anena kuti ndi anthu chabe, monga ankachitira nthawi zonse pomuteteza.

Ba Sibeso sanachotse zala patsaya. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anamuyang'ana mwana wawo maso ndi maso, mutu uli chilili.

"Ine natopa, Lonah," anatero motsitsa. "Ba dokota afunsa. Uyankhe ndiwe."