Kaliyala Yatsopano ya Bambo a Matilde

Matilde amakhala ku Lifidzi. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukaona msika wa ku Ulongwe.

Koma njinga ya bambo ake inalibe kaliyala. Nanga akanakhala pati? Pamutu pawo?

Tsiku lina bambo ake, a Jeremias, anabwera ndi kaliyala yatsopano.

"Mawa tipita limodzi," anatero. "Ndingoimanga basi."

"Bwanji osapita nayo kwa okonza njinga?" anafunsa amayi.

"Ine?" anatero a Jeremias. "Njingayi ndimaidziwa kuposa amene anaipanga!"

Kutacha, a Jeremias anatembenuza njinga. Chishalo pansi, matayala m'mwamba. Amatero nthawi zonse akamamata tayala.

Anaika kaliyala pamwamba pa tayala lakumbuyo.

"Ababa," anatero Matilde.

"Dikira, mwanawe. Ndili pa ntchito."

Anatenga timabawuti totchedwa parafuzo. Anamanga parafuzo uku. Anamanga parafuzo uko. Anakulunga ndi waya.

"Ababa!"

"Dikira, mwanawe. Ndatsala pang'ono."

Kenaka anaimika njinga ija. Anakwera kuti aiyese.

Anapalasa. Tayala linazungulira. Njinga sinayende.

Anapalasanso. Tayala linazungulira kwambiri. Njinga sinayendebe.

Nkhuku inabwera m'mbuyo. Inawapitirira.

Amayi anaima pakhomo. "Bambo a Matilde, mwafika pati? Mukafika mundigulire mchere!"

Dzuwa linali kukwera. Matilde anada nkhawa. Msika utha iye asanauone!

"Ababa, tatsikani muone," anatero.

A Jeremias anatsika. Anawerama. Kaliyala inali pansi, pa dothi. Tayala linali pamwamba pake, m'malere.

"Munaimanga njinga ili chagada," anatero Matilde.

A Jeremias anatsokomola. Anakanda m'mutu.

"Ndimaiyesa mphamvu," anatero. "Taona, yanyamula njinga yonse ndi ine ndemwe!"

"Tsopano inyamule ine," anatero Matilde.

Matilde anagwira njinga ili chiimire. Anagwira zolimba. A Jeremias anamasula uku. Anamasula uko. Anaika kaliyala kumbuyo kwa chishalo. Anamanganso.

Matilde anakhala pakaliyala. A Jeremias anapalasa. Njinga inayenda!

Minda ya chimanga inatsala m'mbuyo. Minda ya kachewere inatsala m'mbuyo. Matilde anaseka.

"Matilde," anatero a Jeremias motsitsa mawu. "Za lerozi usauze munthu."

"Ine sindinena, ababa," anatero Matilde. "Koma amama ndawaona. Amathamangira kumjigo, ndowa aiwala!"

A Jeremias anapalasa kwambiri. Ku Ulongwe anafika msika uli wodzaza.