Mafuta a Kapenta M'kabotolo ka Bambo

Lamulungu masana a m'banja la a Cipriano anakhala kuseri kwa nyumba yawo ku Cateme n'kumatong'ola chimanga. Inali nyengo yozizira, ndipo kamphepo kankabwera ndi fumbi lakuda kuchokera ku njanji ya malasha. Mayi Cremilde ankatong'ola mwachangu, maso ali palichero. Mwana wawo Délcia, mtsikana wa kusekondale, ankatong'ola mozengereza. Bambo ake sankagwira chilichonse. Anagona chammbali pamphasa, thumba lopinda lili pakati pa mawondo, ndipo akafuna kukoka mpweya wambiri nkhope yawo inkachita makwinya.

"Délcia, kanditengere kabotolo kanga," anatero a Cipriano.

Délcia analowa m'nyumba. Anabweretsa kabotolo kabulauni kopanda dzina, nawadonthezera bambo ake madontho pansi pa lilime. Iwo anameza, namuthokoza, n'kutsinzina. Délcia anabwerera pachimanga osayang'ana munthu. Ankadziwa kuti m'kabotolomo munalibenso mankhwala.

Kale, asanawasamutse kuchoka ku Chipanga kuti papite mgodi wa malasha, a Cipriano ankaumba ndi kuwotcha njerwa. Ku Cateme anapeza nyumba ya malata ndi munda wa miyala, koma ogula njerwa kunalibe. Choncho anapita ku Zóbuè, kumalire, kukakweza matumba a mbatata m'malole. Tsiku lina anaterereka pamwamba pa katundu n'kugwa chagada pansi. Mafupa anapola, koma ululu wa msana unakana kuchoka. Mapiritsi a kuchipatala ankathandiza, kungoti patapita nthawi anayamba kuwawotcha m'mimba mpaka kusanza. A Cipriano anawasiya, ndipo kuchipatalako sanabwerereko.

Mchemwali wawo Inácia, amene ankagulitsa ndiwo zamasamba ku Zóbuè, ndiye anabweretsa kabotoloko, atakabisa m'thumba la kabichi. Anali mafuta a chamba, chimene anthu akuno amachitchanso suruma.

"Ku Malawi akulima ndi chilolezo, cha mankhwala," anatero a Inácia tsiku limenelo.

"Kuno si ku Malawi," anayankha mayi Cremilde. "Ndipo botolo lopanda dzina, mukudziwa bwanji mphamvu yake?"

Komabe a Cipriano anayesa. Mafutawo sanawachiritse. Ankawaumitsa kukhosi, ndipo masiku ena ankasinza masanasana. Koma ululu uja unkakhala patali pang'ono, ngati galu amene wathamangitsidwa pakhonde n'kukagona pabwalo. Anayambanso kugona tulo. Anayambanso kuyenda mpaka kumunda, ndodo ili kumanja, ndipo chimanga chimene ankatong'ola tsopanocho anapalira nawo ndi manja awo.

Nkhani inafika kushikola. Sandro, mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, ndiye anaifalitsa. Zinafika poipa pamene mphunzitsi wawo, mayi Dionísia, anasankha Délcia kuti adzalankhule pamaso pa ophunzira onse pa tsiku lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo.

"Epa! Mwana wa Suruma adzatiphunzitsa za suruma!" anafuula Sandro pamjigo, anzake akuseka. "Ukayambire kwanu, chemwali. Fungo lake limatipeza kwathu!"

"Bambo anga sasuta," anatero Délcia.

"Amanyambita! Kusiyana kwake n'kotani?"

Madzulo amenewo, makolo ake ali kumunda, Délcia anatenga kabotoloko n'kukakhuthulira mafuta onse m'chimbudzi. Kenaka mantha anamugwira. Mafuta ophikira atsopano anali oyera kwambiri, akanaonekera. Anatenga amene amayi ake anakazingira tinsomba ta kapenta, akuda bii m'kachitini, nawasefa ndi kansalu, n'kudzaza kabotolo kaja. Mumtima anati, bambo angozolowera basi, sadzazindikira n'komwe.

Délcia analankhuladi bwino kushikola. Anamuwombera m'manja, ndipo mayi Dionísia anamugwira paphewa. Koma kunyumba galu uja anabwerera pakhonde. A Cipriano anasiya kupita kumunda, kenaka anasiya kupita kutchalitchi, kenaka kukhala pampando. Kupita kuchimbudzi ankachita kukwawa, akutsamira khoma. Ndipo mmawa ndi madzulo ankaitanitsabe kabotolo kawo, kumeza madontho, n'kunena kuti zikomo.

Lamulungu limenelo, chimanga chisanathe palichero, anamva odi kumaso kwa nyumba. Anali a Inácia, dengu la tomato lili pamutu. Ataona mchimwene wawo anatula dengu osapereka ngakhale moni.

"Mano Cipriano, achimwene anga! Mwatha chonchi? Ndinakusiyani mukuyenda!"

"Afunseni mankhwala anuwo," anatero mayi Cremilde, osasiya kutong'ola. "Poyamba ankagwira, pano ndi madzi. Ndinanena ine. Zinthu zogula kuseri kwa malole."

"Mulamu, musandinyoze ndisanakhale pansi. Lili kuti botololo?"

Linali pamphasa pomwepo. A Inácia anatsegula, nanunkhiza. Ananunkhizanso. Anadonthezera pachikhatho n'kunyambita, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Iyi ndi kapenta."

"Mukuti chiyani?"

"Ndikuti kapenta! Mafuta okazingira kapenta! Ine ndinayenda nawo mafuta enieni mtima uli m'mwamba, apolisi akugwedeza matumba anga pamsewu, kuti inu muwataye n'kumamwetsa mchimwene wanga zotsukira poto?"

Mayi Cremilde anaika chitsononkho pansi. "Ine? Ine amene ndimamutembenuza munthuyu, ndimamusambitsa?"

"Nanga m'khitchini mumalowa ndani? Munkawada kuyambira tsiku loyamba. Mumaopa kuti amayi anzanu a kwaya adzakulozani zala. Ulemu wanu wa kutchalitchi ndi wokoma kuposa msana wa mwamuna wanu!"

"Tulukani pakhomo panga!"

"Ndituluka naye mchimwene wanga. Akafere kwa abale ake ku Zóbuè, kusiyana n'kumuphera pano mwakachetechete!"

Délcia anamva makutu ake akutentha. Maso a chimanga amene anali m'dzanja lake anagwera pamphasa.

"Khalani chete nonse."

Mawu a a Cipriano anali otsika, koma onse anawamva. Anayesa kudzuka ndi chigongono, nalephera, n'kulankhula ali chigonere.

"Ndine. Botolo linandipulumuka m'manja, mafuta n'kutayika. Ndinaopa kukuuza, mana Inácia, mchemwali wanga, poti unavutika nawo. Ndiye ndinathiramo a kapenta. Mayi a Délcia sakudziwapo kanthu. Uwapepese."

A Inácia anawayang'ana nthawi yaitali. "Munthu wamkulu ngati inu, kumamwa mafuta a nsomba n'kumadzinamiza nokha?"

"Ululu umapusitsa munthu."

Mayi Cremilde anayang'ana mwamuna wawo, kenaka khomo la khitchini kumene kachitini ka mafuta kankakhala pashelefu yapamwamba, pamene munthu wokwawa sakanafikapo. Sanayang'ane mwana wawo. Délcia akanakonda akanamuyang'ana, ngakhale kumumenya.

"Pepani, mulamu," anatero a Inácia, mawu atazizira. Anakhala pansi n'kuvula mpango kumutu. "Koma mano, mumve. Ena sindingabweretse. Amene ankandipatsa uja anamugwira, ndipo pamalire masiku ano akufufuza mpaka m'madengu a tomato. Ndili ndi ana ine. Aja anali omaliza."

"Ndamva," anatero a Cipriano.

Sitima ya malasha inadutsa, yaitali, ikugwedeza nthaka. Itatha kudutsa, mayi Cremilde anatenga zidebe nati akatunge madzi, ndipo a Inácia anawatsatira, akupepesabe. Kuseri kwa nyumba kunatsala Délcia ndi bambo ake.

"Nditembenuze, mwanawe. Mbali iyi yachita dzanzi."

Délcia anagwada. Anaika dzanja limodzi paphewa, lina pachiuno, monga ankachitira amayi ake. Thupi la bambo ake linali lopepuka modabwitsa. Pakati pa kutembenukako a Cipriano analuma mlomo, ndipo m'khosi mwawo munatuluka kamawu kamene Délcia anali asanakamvepo kwa munthu wamkulu. Délcia anadikira mpaka thukuta litasiya kutuluka pamphumi pawo.

"Tsiku lina ukadzafuna kunamiza munthu wa ku Tete," anatero a Cipriano atapuma, "usadzamupatse kapenta. Tinakulira yomweyo."

Délcia anaphimba nkhope ndi manja. "Munadziwa?"

"Dontho loyamba."

"Nanga bwanji munkamwabe? Bwanji munkati zikomo?"

"Unali ndi mawu oti ukalankhule pamaso pa anthu. Ndinamva zimene ankakutcha pamjigo, khoma lathu ndi lopyapyala. Ndinati m'nyumba ino pakhale mmodzi woima mowongoka."

"Bambo, ndimayesa... ndimayesa munangozolowera. Kushikola anati aliyense amene amagwiritsa ntchito amanena kuti ndi mankhwala."

"Sananame kwenikweni. Anyamata aja amene amakhala kuseri kwa msika, maso ali psuu, ndimawadziwa. Ena ndinkakweza nawo matumba. Zimene unalankhula ndi zoona, ndipo ndikanatha kuyenda ndikanabwera kudzakuwombera m'manja. Amayi akonso sananame, botolo lopanda dzina si chinthu chodalira. Ine ndinkaopa dontho lililonse." Anakoka mpweya. "Koma sunandifunse, Délcia. Unafunsa Sandro, unafunsa aphunzitsi, unafunsa manyazi ako. Ine ndinali pano pamphasa. Ukanangoti, bambo, pakuwawa bwanji? Ndikanakuuza."

"Pakuwawa bwanji?" anafunsa Délcia.

A Cipriano anaganiza pang'ono. "Ukukumbukira uvuni wa njerwa ku Chipanga? Unali wamng'ono. Tinkasonkha moto, osaulola kuzima mpaka njerwa zitapsa. Uli muno, kumunsi kwa msana. Kungoti njerwa zake sizikupsa."

Délcia analira mwakachetechete. Bambo ake sanamutonthoze, ndipo sanamudzudzulenso. Patapita nthawi anati, "Chimangacho sichidzitong'ola chokha." Iye anapukuta maso n'kutola chitsononkho.

Amayi ake atabwera, Délcia anawalandira chidebe, nawauza pamaso pa azakhali ake kuti botolo silinagwe. A Inácia anagwira pakamwa. Mayi Cremilde anangoti, "Ndikudziwa. Kathire madziwo mumtsuko." Délcia atabwerako, amayi ake anawonjezera kuti, "Mawa bambo ako akupita kuchipatala ku Moatize. Akafotokoze zonse kwa dotolo: mapiritsi aja, m'mimba muja, ndi mafutawo, osabisa. Mwina pali china chimene angayese. Ine ndili ndi ganyu yokolola, ndikapanda kupita atenga wina. Upita nawo ndiwe."

"Akakandifunsa za chamba, ndikanene?"

"Ukanene zimene waona ndi maso ako. Zonse."

Mmawa mwake anabwereka njinga. Anamanga pilo pakaliyala, ndipo Délcia ndi azakhali ake anawanyamula a Cipriano n'kuwakhazika pamenepo. A Inácia anatsala kuti athandize zapakhomo. Délcia anagwira mahandulo n'kuyamba kukankha kulowera kumsewu waukulu, kumene ankakadikira chapa, minibasi yopita ku Moatize.

Njira inali ya miyala. Mwala uliwonse umene tayala linkakwera, zala za bambo ake zinkafinya phewa lake. Délcia anaphunzira msanga kuyang'ana pansi, kuzemba mwala uwu, kutsetsereka pang'onopang'ono pa dzenje ilo. Ana a shikola ankawapitirira, mayunifolomu atachapa. Pakati pawo panali Sandro.

"Epa, Mwana wa Suruma! Lero wajomba?"

Délcia anaima. Kutsogolo kunali njanji, ndipo pamenepo njira inkakwera kamtunda ka miyala yophwanya.

"Gwira kumbuyoku," anamuuza Sandro. "Ukweze pang'onopang'ono. Ukagwedeza ndikuswa."

Sandro anayang'ana anzake, kenaka nkhope ya a Cipriano, imene inali itayera ngati phulusa. Kuseka kunamuthera. Anaika mabuku pansi n'kugwira kaliyala. Anawolotsa njingayo chitsulo choyamba cha njanji, kenaka chachiwiri, a Cipriano atatsinzina, mano atalumana. Atafika tsidya linalo Sandro anabwerera kukatola mabuku ake n'kuthamangira anzake.

Pamsewu Délcia anasiya njinga pagolosale ya munthu wodziwana naye, nayala chitenje pansi pa mtengo kuti bambo ake agonepo. Kutali chitsulo cha kushikola chinalira. Chapa yoyamba inadutsa itadzaza, osaima. Yachiwiri chimodzimodzi.

"Pakuwawa bwanji tsopano, bambo?"

"Kwambiri."

Délcia anapinda juzi yake n'kuiika pakati pa mawondo awo. Kenaka anaimirira m'mbali mwa msewu, dzanja lili m'mwamba, kudikira ina.