Dzanja la Tisauke

Chakum'mawa kwa Palabana, pamsewu wafumbi umene njinga zamkaka zimadutsa m'mamawa, panali famu ya a Ezron Mvula. Iwo ndi akazi awo a Nelesi anachoka ku Katete ali achinyamata, napempha malo, nayamba ndi ng'ombe ziwiri. Pofika ukalamba wawo khola linali lodzaza, ndipo mabanja angapo ankadya kuchokera pafamupo.

A Ezron anali mkulu wa mpingo, koma chikhristu chawo chinkaoneka kwambiri kukhola. Wantchito aliyense anali ndi mgwirizano wolembedwa, tsiku lopuma, magambutsi ndi ovololo. Zopereka za penshoni ndi za ngozi zapantchito sankadumphitsa mwezi. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Lyford, amene anamutumiza ku Lusaka kukaphunzira zamalonda.

Chaka chimene Lyford anamaliza maphunziro, a Ezron anagwa m'khola ndi sitiroko, ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Anamuitana mwana wawo, nalankhula movutika, lilime likulemera.

"Famu ili m'manja mwako, mwana wanga. Ng'ombe uzisamala, koma anthu uziwasamala koposa. Usachotse munthu popanda chifukwa, ndipo usanamuchotse uyambe wamumva. Ni lamulo la dziko, ni lamulonso la Mulungu."

"Namva, atate," anatero Lyford, maso ali pa makiyi a galimoto.

Loweruka lililonse masana Lyford anayamba kupezeka pabala ina ku Chongwe. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi Boyd, wogulitsa zakudya za ng'ombe, munthu wa pakamwa pokoma.

"Boi, manje ndiwe bwana," anatero Boyd akumutsegulira botolo. "Mudala wako anali kuyendesa famu monga mishoni. Ma kontilakiti ni ya ma kampani yakulu ya mu tauni. Aba bantu ba ku munzi baziba chani? Baike pa ganyu bonse. Wamene akamba maningi, mupishe. Pa geti pali bambiri bofuna nchito."

Mawuwo anamukoma Lyford. Mgwirizano wa aliyense utatha, sanalembenso wina. Zopereka za boma anasiya. Tsiku lopuma linatha, ndipo amene anadandaula anauzidwa kuti msewu ndi uwo. Chivundikiro cha makina odulira udzu wa ng'ombe chitathyoka, anangochiponya kuseri kwa shedi.

A Nelesi anamupeza akutsuka galimoto.

"Lyford, anthu aja anakunyamula uli khanda. Lero akugwira ntchito ndi Sabata lomwe, mapazi ali pamtunda m'ndowe. Suopa Mulungu? Nanga boma suliopa?"

"Amai, bizinesi siyenda na mapemphero. Nisiyeni, nidziwa vimene nichita."

Pakati pa okama ng'ombe panali Tisauke, mayi wa ana awiri amene mwamuna wake anafa pangozi ya minibasi. Anali wachangu, wosayankhula zambiri, ndipo ng'ombe zinkamuzolowera. Lyford anayamba kumuyang'ana ndi maso ena. Tsiku lina anamupeza yekha m'chipinda chosungira mkaka akutsuka zigubu, natseka chitseko.

"Tisauke, ningakuike kukhala kapitawo. Ubwere chabe ku loji ku Chongwe pa Chiweru, tikambe bwino."

Tisauke anapukuta manja pachitenje.

"Ba bwana, ine ninabwera kukama ng'ombe. Ivo vinangu sinichita. Nisegulileni chitseko."

Madzulo ake anakawauza a Nelesi, misozi ili m'maso. A Nelesi anamukalipira mwana wawo pamaso pa bambo ake, ndipo a Ezron, amene tsopano sankatha kutulutsa mawu, anangomenya mpando ndi dzanja lawo lamoyo. Lyford sanachite manyazi. Anapsa mtima.

M'mawa mwake anamuimitsa Tisauke pakhomo la khola.

"Kuyambira lero sukama. Uzagwira ku makina ya udzu."

"Ba bwana, ija makina sinaigwirepo. Ilibe na chovundikira."

"Ngati siufuna, geti ili apo."

Tisauke anaganiza za ana ake, napita kushedi. Palibe amene anamuphunzitsa. Lyford analiza galimoto, ulendo wa ku Chongwe.

Dzuwa lisanafike pamutu, mapesi anatsamwitsa makina. Tisauke anapisa dzanja kuti awakankhe. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kumsewu. Anzake anazimitsa injini, nakulunga mkonowo ndi chitenje, koma galimoto panalibe, ndipo foni ya Lyford inkangoitana. Anamukweza panjinga yamkaka, akumugwirizira uku ndi uku, mpaka anakumana ndi minibasi. Kuchipatala madokotala sanathe kupulumutsa kanthu. Dzanja lamanja analidula pamfundo.

Lyford anachita mantha, nathamangira kwa Boyd.

"Osavomera chilichonse," anatero Boyd. "Alibe pepa. Ukambe kuti anali wa ganyu, anagwira makina yeka."

Lyford sanapite kuchipatala. Anangotuma munthu kukanena kuti ntchito yatha, popeza famu siingasunge wokama wopanda dzanja.

A Nelesi anagwada pamaso pa mwana wawo, chinthu chimene sanachitepo.

"Pita ukamupepese. Ukamusamale, ukanene zoona. Nthawi ikalipo, mwana wanga."

Lyford anawadumpha natuluka.

Mayi wina wa kumpingo, a Virginia, anamutenga Tisauke atatuluka m'chipatala, napita naye ku ofesi ya zantchito. Sipanapite nthawi, mkulu wa ofesiyo anafika pafamu. Anayendera khola, anaima nthawi yaitali pamakina aja, kenaka anakhala pansi ndi Lyford.

"Mayiyu wagwira ntchito kuno zaka zambiri. Mgwirizano wake uli kuti?"

"Anali wa ganyu chabe."

"Munthu wobwera tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, si waganyu, pepala likhalepo kapena lisakhalepo. Munamuphunzitsa makinawa? Munanena za ngoziyi kuboma? Musanamuchotse, munamupatsa mpata wolankhula?"

Mkuluyo analemba zonse m'buku lake, nanyamuka.

Nkhani inapita kukhoti. Antchito onse anachitira umboni, ndi amene anawathamangitsa omwe. Tisauke anafotokoza za chitseko chotsekedwa chija. Pomaliza anaitana a Nelesi. Anaimirira, nagwira Baibulo, nanena zonse zimene ankadziwa, osamuyang'ana mwana wawo. Lyford anafunafuna Boyd pakati pa anthu, koma sanaoneke, ndipo foni yake inali yozimitsa.

Chigamulo chinali cholemera: chipukuta misozi cha dzanja, cha kuchotsa anthu mosatsata lamulo, ndi zopereka zonse zimene anasiya. Zimene anapulumutsa mwachinyengo anali atamwera kale. Akhoti anabwera ndi malole. Anatenga galimoto, anatenga thanki yoziziritsira mkaka, kenaka anatsegula khola. A Ezron anali pakhonde pampando wawo, akuona ng'ombe zawo zikukwezedwa imodzi imodzi, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. Mvula yoyamba isanagwe, anamwalira. Maliro atatha, alongo awo a a Nelesi anabwera kudzawatenga, nabwerera nawo ku Katete.

Lyford anatsala yekha m'nyumba yopanda mipando. Anafunsira ntchito m'mafamu a ku Palabana mpaka ku Kasisi, koma mbiri yake inkafika iye asanafike.

Tsiku lina, ali ndi njala, analowa mumsika wa Chongwe. Pathebulo lina panali Tisauke akugulitsa tomato. Lyford anamuona akumanga jumbo ya kasitomala, mbali ina atagwira ndi dzanja lamanzere, mbali ina ndi mano. Lyford anafuna kuthawa, koma anadziletsa. Anayandikira, navula kapu.

"Ba Tisauke, ninalakwa. Nikhululukileni."

Tisauke anapereka jumbo kwa kasitomala, natembenukira kwa iye.

"Ninakukhululukilani kudala, ba Lyford, kuti mtima wanga upumule. Koma mwana wanga wamng'ono akali kunifunsa kuti dzanja izamera liti. Imwe munapita kusukulu. Niuzeni vomuyankha."

Lyford anavala kapu yake. Anatembenuka, nalowa m'chigulu cha anthu, akulira ngati mwana.

Inu achinyamata amene mudzapatsidwa anthu oti muwayang'anire, mverani. Wantchito si katundu wanu, ndipo thupi lake si gawo la malipiro. Mulembereni mgwirizano, mupatseni mpumulo, mutetezeni ku ngozi, ndipo musamuchotse musanamumve. Amene anyoza zimenezi amalakwira boma ndi Mulungu yemwe, ndipo angathe kulapa ndi misozi yeniyeni, koma zina zimene anawononga sizidzabwereranso.