Kuseka Kumene Kunalowa M'makina a Mawu

Anadziwana pojambula kanema woopsa. Mkaziyo ankasewera ngati mayi wothawa chilombo, mwamunayo anali wojambula mawu, mahedifoni ali m'makutu tsiku lonse. Atakwatirana, anthu ankati awiriwa ndi chala ndi mkomba phala.

Tsiku lina kamera itazimitsidwa, maikolofoni ya pabulauzi ya mkaziyo inatsala yoyaka. Bambo wosewera chilombo anavula chigoba, thukuta lili kamukamu.

"Mlamu, tandipukutani kumasoku, utotowu ukundiwawa."

Mkaziyo anaseka, namupukuta. Mwamuna wake anamva kusekako ali m'chipinda china. Sanaone kanthu, koma zotsalazo mtima wake unajambula wokha.

Ha, nsanje! Simadikira umboni, imadziphikira yokha n'kudya.

Kuyambira pamenepo mwamunayo anangoti duu. Mkazi akaika chakudya patebulo, iye ankangomuyang'ana. Mayi wopaka anthu utoto anathiranso mafuta pamoto pouza mwamunayo kuti: "Awiri aja amachedwatu m'chipinda chovalira."

"Bambo, ndalakwanji?" mkaziyo anafunsa akulira. "Ndikalipireni kaya, koma yankhulani."

"Unkaseka chiyani?"

"Liti?"

"Ine sunandisekerepo choncho! Ukundiyesa wogontha?"

Mkaziyo anathamangira kwa apongozi ake. Iwo anati, "Mwana wangayu ngwofatsa, pirira." Anauza wotsogolera kanema, iye anangoti, "Za m'banja zisiyeni pakhomo, mayi." Anabwerera kunyumba, nakagona pafupi ndi munthu amene sankamudziwanso.

Pojambula gawo lomaliza, masana dzuwa likuswa mtengo, chilombo chinagwira mkaziyo pamkono monga zinakonzedwera. Mwamuna wake anavula mahedifoni mosapupuluma, nanyamula chitsulo choimikira nyali. Mkaziyo anamuona akubwera kumbuyo kwa chilombo. Asanakuwe n'komwe, chitsulo chinatera pamutu pa wosewera chilomboyo. Magazi atayamba kutuluka m'chigoba, ena ankayesabe kuti ndi utoto.

Kukhoti anaonetsa zonse, pakuti kamera inkajambula. Woweruza anati wakuphayo akakhale kundende moyo wake wonse. Mwamunayo anatuluka unyolo uli m'manja, osacheuka. Mkaziyo anatsala pabenchi limodzi ndi wamasiye wa malemuyo, amene anali woyembekezera, ndipo palibe amene anatha kuyang'ana mnzake.

Chilombo cha mukanema chimatha nyali zikayatsidwa. Choopsa chenicheni ndi nkhope imene umaikonda ikamasanduka yachilendo pang'onopang'ono, iwe ukuona, ukuuza anthu, koma wopanda wokumvera.