Ndani Ali M'kati mwa Njati?

Chaka cha 2011, pamene timu ya mpira ya pakoleji pathu ku America inatha nyengo yonse osagonja, Lenora Pettway ankaimba lipenga mu bandi. Koma maso ake sankakhala pa osewera. Ankangoyang'ana Njati, chovala chaubweya chooneka ngati njati chimene wophunzira mmodzi amalowamo n'kumavina kuti bwalo litenthe. Wolowamoyo sankaloledwa kulankhula kapena kudziulula.

Masewero aliwonse, Njati inkabwera pamene pankakhala a bandi n'kugwada pamaso pa Lenora, dzanja lili pamtima. Kodi anali ndani ameneyu? Nanga bwanji ankasankha iyeyo?

Lolemba lina Lenora akudikira basi, mnyamata wina wamtali anaima pambali pake.

"Lipenga lija umaliimba ngati ukuitana angelo," anatero mnyamatayo.

"Mwandionera kuti?"

"Pafupi kwambiri. Kungoti ndimakhala ndili thukuta kamukamu, komanso amandiletsa kulankhula."

Lenora anagwira pakamwa. "Ndiwe Njati?"

"Tsitsa mawu! Ukufuna andichotse? Ndine Darnell."

Basi inabwera n'kupita, iwo akadali pomwepo!

Kuyambira tsikulo foni ya Lenora sinapume. "Nyenyezi yanga, wagona bwanji?" "Uchi wanga, Loweruka ndidzagwada kawiri. Kachiwiriko n'kopempha mtima wako."

Loweruka Njati inagwada kamodzi kokha.

"Nanga kachiwiri kaja?" Lenora anamufunsa madzulo ake.

"Bondo linandigwira, wokondedwa. Chovala chija n'cholemera ngati tchimo."

Odessa, mnzake woimba ng'oma, anaseka mpaka misozi atamva zimenezi.

"Iwe mtsikana, Njati ija ndi yaifupi ngati mtondo. Darnell wakoyu ndi mlongoti. Amalowamo bwanji?"

"Amawerama."

"Maola atatu? Tsegula maso, mnzanga!"

Lenora anakwiya, koma funsolo linamukhala m'mutu. Anayamba kuyang'anitsitsa mayendedwe a Njati, mapewa ake, kutalika kwa mikono. Nthawi zina ankaona Darnell ndithu. Nthawi zina ayi. Atamupempha kuti angomuonetsako chovalacho, Darnell anamugwira manja onse awiri.

"Pamasewero omaliza, wa m'katimo amavula mutu anthu onse akuona. Tsiku limenelo ndidzakuveka mphete pakati pa bwalo. Ndikulumbira!"

Tsikulo linafika mu Novembala, kukuzizira koopsa. Bwalo linadzaza osasiya popondera. Nthawi yopumulira, a bandi anandanda pakapinga, Njati n'kuima pakati.

Njati inakweza manja n'kuvula mutu.

Munatuluka nkhope ya Wendell, mnyamata wamfupi wamagalasi amene ankakhala kumbuyo kwake m'kalasi ya masamu, yemwe chiyambire sanamuuzeko kalikonse kupatula moni!

Anthu anakuwa mokondwa. Foni ya Lenora inanjenjemera m'thumba, iye n'kuitulutsa mobisa.

"Nyenyezi yanga, ndadwala mwadzidzidzi. Ndalowetsamo mnzanga. Ndili pabedi, ndikulira."

"Lenora, taona uko," Odessa ananong'ona.

Pa kanema wamkulu wa pabwalo ankaonetsa ochemerera. Darnell anali pomwepo, wathanzi bwinobwino, akubweza foni m'thumba. Mtsikana wina anali atatsamira paphewa pake, akumudyetsa mbuliuli.

Wendell anayandikira, mutu wa Njati uli m'khwapa, magalasi atachita nthunzi.

"Ndakhala ndikufuna kukulankhula chiyambire Ogasiti," anatero mwamanyazi. "Bwanji ukulira? Ndalakwitsa?"

"Darnell umamudziwa?"

"Darnell wake uti?"

Lenora anafuna kuyankha, koma wotsogolera bandi anali atakweza kale ndodo yake. Onse ananyamula zoimbira. Nayenso anaika lipenga pamilomo n'kuuzira ndi mphamvu zake zonse, koma silinalire.

Tsikulo timu inapambananso, tauni yonse inavina m'misewu. Lenora anabwerera kuchipinda kwake wapansi, Odessa atamunyamulira lipenga.